Mawu Asanu a Kuchipatala

Lolemba, 3 Juni
Anandiuza ndi amalume anga a Masautso, tikusenza nkhuni ku Mulunguzi: chimene wamva uchiveke nkhani, chamaliseche chimathawa. Nthano zanga zonse ndinatola pakamwa pawo. Kulembaku n'kwa sukulu yakwacha, ndili kale ndi imvi.
Mwana wanga Juliana akuti ndayamba kuiwala. Mlandu wake ndi ketulo imene ndinapsereza. Mawa kuchipatala, akandiyeze mutu. Ndikalephera nditsike phiri, ndikakhale kwake ku Matawale. Nanga dimba la sitiroberi?

Lachiwiri, 4 Juni
Woyeza ndi a Trevor. Aulemu, wotchi m'manja. Anandipatsa mawu asanu, ati ndisunge: khasu, mlatho, nthochi, buluu, tchalitchi.
Kenako nditchule nyama zambiri m'mphindi imodzi. Ndinayamba ndi nyani. Koma nyani n'kungomutchula, osanena za uja anandilanda chipewa kudamu? Mphindi inatha ndili pa nyama yachitatu. Analemba 3.
Ati jambulani wotchi. Wotchi yanga ine ndi mthunzi wa mtengo wa paini wa pakhomo. Ndinajambula dzuwa.
Mawu aja ndinabweza onse, m'nkhani ya mayi wa nsalu yabuluu amene anaiwala khasu pamlatho. A Trevor anaseka. "Pepalali analikonzera anthu a sukulu, agogo. Palokha silingakuweruzeni." Ati Juliana aziona mmene ndikukhalira pakhomo, tidzabwerenso.


Lachinayi, 6 Juni
Chiperoni, mawondo kuwawa. Ndapalira mizere inayi uku ndikutchula nyama popanda nkhani. Zakwana 19. Zouma, ngati kuitana mayina kuchigayo. Amalume akanandimva!

Loweruka, 8 Juni
Juliana wabwera kudzagona. Wabweretsa ketulo yatsopano, yoliza mluzu. Za Matawale sanatchule. Maso ake okha kunditsata.

Lamulungu, 9 Juni, m'mawa
Khasu, mlatho, nthochi, buluu, tchalitchi. Masiku asanu, onse alipo. Ndinamuuza Juliana akuthira tiyi, ndi nkhani yake yomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndiye anati, "Yakoma, bambo. Koma aka n'kachitatu m'mawa uno."
Ine ndikukumbuka kamodzi.
Tinamwa tiyi. Dzuwa linali lisanafike papaini.
Ndamufunsa ngati kuseri kwa nyumba yake kuli malo. Sitiroberi amamera ndi m'matumba omwe, bola madzi.