Zilombo Zoboola Mapaso

Alongo anga okondedwa,

Muli bwanji ku Chipata uko? Ine ndiliko, msana chabe.

Zilombo zija za nyanga zazitali zaboola mapaso kwanga kuno ku Nangongwe, ndiponso kwa mkazi mnzanga, uja wa ku fakitale ya nsalu. Alamu anu anagwira chilombo cha kwa mnzangayo nati, "Ichi nchoopsa, chimadya mtengo wouma," nkumuikira mapaso atsopano. Changa akuti ncha mitengo yaiwisi, chinangosochera. Ndinakatenga chakecho, nkuchiika pamodzi ndi changa m'mbale nkufunsa, "BaPhiri, changa nchiti apa?" Anayang'anitsitsa, nati maso atopa, nkupita kwa iye komweko.

Mvula yayandikira, alongo. Chonde bwerani mudzandikonzere denga, mwamuna ndinabwereketsa. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke