Sipuleni Chabe

Lolemba, 3 Juni

Ndabinya mwendo pa masitepe a kuchipatala, ndikutsika ndi beseni la amayi. Chikepe chinafa kalekale, ndipo wodi yawo ili pamwamba penipeni. Kakolo watupa ngati mpira. Dokotala wangoti, "Ndi sipuleni chabe." Akuti fupa lili bwinobwino, yavulala ndi mitsempha yogwira mfundo. Bandeji, kupumula, osaponda. Nditamva Chingerezicho ndinachita mantha, osadziwa kuti n'kubinya komwe tinakula nako.

Nanga mawa awasambitsa ndani?

Lachitatu, 5 Juni

Kuchipatala akupitako achimwene. Mwana wamwamuna angasambitse amayi ake? Amangoima kumutu kwa bedi, manja m'thumba. Phala akuti amayi sakumwa. Ine ndimadziwa kuwanyengerera: supuni imodzi, nkhani imodzi.

Aliyense wobwera kudzandiona, mawu ndi omwewo. Aneba, "Sipuleni chabe, thokozani Mulungu." Alamu, "Nane inandigwirapo ku mpira." Liwu lakuti chabeli landikwana.

Amayi atumiza uthenga: "Muuzeni asaponde. Wamakani ameneyo, adzatsimphina moyo wonse." Ndaseka, kenako ndalira.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapita ndithu, ndi ndodo ya mopu. Masitepe ochepa okha, ululu mpaka m'mutu. Ndinakhala pansi anthu akundilambalala. Mlonda akuti, "Amayi, sipuleni siifuna liuma." Achimwene anatsika: amayi ali m'tulo, ndibwere Lolemba kutupa kukaphwa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, chemwali." Ndinayang'ana m'mwambamo. Ndikanakwawa. Ndinachita manyazi ndi anthu, ndinabwerera.

Lamlungu, 9 Juni

Amayi atisiya m'mawa uno. Sindinalipo.

Akuti dzulo anafunsa ngati ndikuika mwendo pa pilo.

Lachinayi, 27 Juni

Bandeji ndinavula titabwera kumaliro. Sindikumbuka tsiku. Nesi wina anatumiza mawu kuti beseni lija anandisungira, ndikatenge.

Lero ndakwera masitepe onse. Osapuma, osagwira chitsulo. Pa bedi pawo pagona mayi wina, mwana wake akumupukuta kumsana. Ndinaima pakhomo ndi beseni langa mpaka mwanayo anandifunsa ngati ndikufuna munthu.

Potsika ndinaponda mwamphamvu dala, kuti mwina pawawe. Ayi ndithu. Dokotala uja sananame. Mwendo wapola.