Mpanda Ndinaujambula Ndekha

Kabwata, Lusaka

Okondedwa akulu anga a Virginia,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata pomwe nanunso muli ndi zanu zambiri. Ndikanatha kupirira sindikanalemba. Muli bwanji ku Katete? Nanga mwendo wa amayi ukutupabe? Ine m'thupi ndili bwino.

Sindinaimbe foni chifukwa a Given amaiona foni yanga tikamatseka sitolo. Amati anthu oti akwatirana sabisirana kanthu. Kalatayi ndapatsira Anita, mnzanga wa kusukulu uja, amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku City Market.

Ntchito kusitolo kwa a Given ku Kamwala ndinaizolowera. Timagulitsa tizipangizo tonga bokosi la machesi, kuno amati matiraka. Ukakamangirira pa katundu, mwini wake amaona pamapu a mufoni komwe katunduyo ali. Ine ndimaikamo simu n'kukatchera molingana ndi ntchito yake. Ka ng'ombe za ku Makeni kamanena m'mawa ndi madzulo basi, kuti batire lisathe msanga. Ka lole kamanena pafupipafupi, ndipo dalaivala akathamanga kwambiri kamamunenera. Ka jenereta kamangokhala chete mpaka wina ainyamule. Palinso chimene timati mpanda. Umajambula mzere pamapu, katundu akangoudumpha foni ya mwini imalira. Chingerezi chake chimandivuta, ndiye chilichonse ndimachibwereza. A Given amauza makasitomala kuti ka Christine sikalakwitsa.

Mwezi watha anandipatsa kamodzi kuti nditchere mwapadera. Anati kazinena pafupipafupi, kasamawale, ndipo mpanda uzungulire Kabwata ndi Kamwala. Nditafunsa ngati ndi ka njinga yamoto, anaseka n'kunena kuti ndi ka katundu wamtengo wapatali amene safuna kuti asowe. Pofuna kuwasangalatsa ndinawonjezera zimene sanandiuze. Ndinatchera kuti kakazimitsidwa, kapena kakakhala malo amodzi tsiku lonse, foni yawo ilire.

Patapita masiku anandigulira chikwama chakuda cham'manja, chokongola ndithu. Loweruka ndinachinyamula kupita kukacheza kwa Anita. Ndisanakhale n'komwe pansi, a Given anaimba. Anafunsa mwaulemu kuti ndataya chiyani ku City Market, ndipo anati ndikwere minibasi ndibwerere. Anita anandifunsa ngati mwamunayo ndi mneneri. Ndinaseka naye, kenako ndinatsanzika n'kukakwera minibasi.

Nditafika kunyumba ndinapapasa chikwama chonse. Pansi, kuseri kwa nsalu yam'kati, panali kolimba. Ndinasomola ulusi pang'ono. Katiraka kaja kanali momwemo, ndinakazindikira ndi kachipsera kamene ndinakanda ndekha potsegula poika simu.

Ndinawauza azakhali a a Given, amene ndimakhala nawo kuno. Iwo anangoti ndithokoze Mulungu, chifukwa amuna a mu Lusaka safunsa n'komwe kuti mkazi wagona kuti. Anatinso ba Given ndi mwana wa adikoni, samwa, ndiye ndikufunanso chiyani ine wa giredi seveni.

Tsiku lina ndinachisiya dala chikwamacho pabedi. Madzulo a Given anandifunsa ngati mphatso yawo ndanyansidwa nayo. Za katiraka sanatchule, inenso sindinatchule, mpaka lero. Kukazimitsa sindingathe, kanena. Kusintha mpanda sindingathe, nambala yachinsinsi anaisintha. Ndimangoyenda kunyumba, kusitolo ndi kutchalitchi. Makasitomala akabwera ndimawajambulira mipanda ya ng'ombe zawo, chikwama chili pamiyendo panga.

Musaganize kuti amandimenya. Sanandikhudzepo, ndipo n'chifukwa chake ndikusowa ponenera. Koma ngati zili chonchi ndisanalowe m'nyumba mwawo, ndikadzalowa mzerewo udzadutsa pati?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti abale a a Given abwera kwa atsibweni kudzamaliza za chinkhoswe anthu akangokolola. Chonde mukakhale nawo pansi atsibweni panokha, muwawerengere kalatayi. Asayankhe kanthu ine ndisanafike. Andiitane iwo eni kuti ndibwere kudzadwazika amayi, chifukwa a Given sangakane mawu a atsibweni. Ine pamaso pa atsibweni zoterezi sindingathe kuzinena. Amayi musawauze kaye za chikwama, amawakonda kwambiri a Given.

Mundiperekere moni kwa amayi, atsibweni ndi akazi awo, alamu anga, ndi ana anu onse. Kamng'ono kathu kasajombe kusukulu.

Yankho musatumize pafoni. Mupatsire wa basi kuti akasiye kwa Anita, iye adzandipatsa akabwera kudzapikula nsalu ku Kamwala, pakuti kwa iye ine sindingafikeko. Chonde yankhani msanga, chimanga chisanalowe m'nkhokwe.

Ndine mng'ono wanu,
Christine