Manyazi amene mkamwini wanu wandisenzera

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Nandolo wa m'munda wanu wa kunsi kwa Michesi wabereka, ngakhale mbozi zadya mbali ya kumtsinje. Mbuzi yamawanga ija yaswa ana awiri. Denga la khitchini likudontha, ndipo kukangochita mdima wa mvula ine mtima uli m'mwamba. Mukundidziwa.

Mimba munandisiya nayo ija ndinachira, ndi mwana wamkazi, dzina lake Mphatso. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Koma atabadwa ndinadwala matenda osaoneka. Tulo osabwera, chakudya osalowa, mwana akalira nanenso n'kumalira. Tsiku lina bambo a Tadala, mkamwini wanu, anandipeza nditakhala pamanda panu, khanda nditalisiya lokha m'nyumba. Anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda a maganizo, n'kundipatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku. Andithandiza. Ndikulima, ndikuseka, ku kwaya ndabwerera.

Koma pali china, choti muli moyo sindikanakuuzani, mukanangonditumiza kwa anamkungwi. Chiyambire mapiritsiwa thupi langa linazizira. Bambo a Tadala ndimawakonda monga kale, koma akandikhudza ndimangokhala ngati chikuni chonyowa. Chilakolako palibe, ndipo titayesa ndinamva kuwawa. Ndinkaganiza kuti wina wandilodza.

Kenako nthawi yotengera mwana kumphasa inakwana, yoti bambo ndi mayi akumane kuti mwana alimbe. Ang'ono anu a Feliya anabwera. "Iwe Elube, mwanayu akhala wozizira mpaka liti? Mwamuna akatopa n'kukagona kunja, mwana atsempha, usadzati sitinanene." Mawu amenewo anandilowa, Amayi. Mphatso akangotsokomola ndinkathamangira kumuyang'ana mapazi ngati atupa. Ndinawauza bambo a Tadala kuti mapiritsi ndisiya, kapena angochita basi, ine ndipirira.

Anakana zonse ziwiri. "Mayi a Tadala, mwana salimba ndi misozi ya amake. Ndipo mankhwala simusiya. Ndinakutolani kamodzi kumanda kuja, kachiwiri sindikufuna."

A Feliya anaitana ankhoswe. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine mutu uli pansi, ndikudziwa kuti ndikangotchula mapiritsi mudzi wonse uti mwana wa malemu wapenga. Asanandifunse kanthu, mkamwini wanu anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Vuto ndi ine. Msana wafooka. Mundipatse nthawi." Amayi! Mwamuna wabwinobwino, pamudzi wa eni, pamaso pa akuchikazi, kudzinenera yekha zimenezo!

Nkhani sinachedwe kufika ku Chiringa kumene amapalasa kabaza. Anzawo akawaona amakuwa, "Achimwene, tamva kuti tayala lapontcha, tikupopereni?" Wina anawamangirira mtolo wa gondolosi, mizu yopatsa amuna mphamvu ija, pa keliyala. Iwo anabwera nawo kunyumba akuseka, n'kuti, "Mayi, lero tapatsidwa nkhuni zaulere." Ine ndinaseka mpaka kulira, kenako n'kulira kwenikweni.

Inu munkati munthu ameneyu ndi wofatsa mopitirira, sangalanditse mwanapiye kwa kabawi. Munkakondanso kunena kuti kalongonda safuna wothamanga, ukamuphula msanga aledzeretsa nyumba yonse. Ana anu tonse tinamva mawu amenewo, koma amene akuwatsata ndi munthu amene simunamuuzepo.

Kuchipatala bambo a Tadala anandiperekezanso. Anafotokoza ndi iwo, bwinobwino, osazungulira. Adokotala sanadabwe n'komwe. Anati mapiritsi amenewa amatero kwa anthu ena, amuna ndi akazi omwe, si ufiti, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Andisinthira mtundu wina, akuti tidikire tione. Mphatso anamukweza sikelo, akukula bwino. Komabe mapazi ake ndimawayang'ana, sindingakunamizeni.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Dzulo ku mjigo a Feliya ananditengera pambali. Akuti, "Ukadali mtsikana iwe. Munthu wosagwira ntchito m'nyumba timamumangira katundu, abwerere kwawo. Mudzi ndi wako uno." Akuti alankhula kale ndi amalume. Bodza lija bambo a Tadala ananena pofuna kundiphimba, tsopano likufuna kuwachotsa pakhomo pamene amanga ndi manja awo. Nditawauza, anangoti, "Asiyeni, atopa okha," n'kupitiriza kusoka chikwama cha Tadala.

Koma ine a Feliya sindiwasiya choncho. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndipita kwa a Feliya ndi amalume, mapiritsi ali m'manja. Ndikawauza kuti wodwala ndine, ndipo mwamuna ameneyu alibe chilema chilichonse. Ndikuopa, Amayi. Akafuna kunditcha wamisala anditche. Mankhwala ndimwabe, ndipo mkamwini wanu pano sachoka. Ndalonjeza kwa inu, ndiye sindingabwerere m'mbuyo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Elube