Mndandanda wa Odwala

Lamulungu, 2 Malichi

Mzime wakana kupita kutchalitchi. Kachitatu tsopano. Zaka 19, wakulira pabenchi lomwelo pambali panga, lero akuti, "Pitani nokha amayi, ine ndili ndi kwina." Kwina kuti? Wangotuluka. Bambo ake akuti ndimusiye. Kwa iwo n'kosavuta, si iwo amene amaima kutsogolo kuwerenga mayina a odwala. Zaka 14 ndikutsogolera gulu loyendera odwala, mwana wanga yemwe wandipulumuka. Anthu aziti chiyani?

Lachitatu, 5 Malichi

Makina osokera avuta, ulusi ukungoduka. Mayunifolomu asanu akudikira. Ndamufunsanso mzime. Wati, "Amayi, mumapemphera ngati mukupinda nsalu. Manja akugwira, mtima uli kwina." Pang'onong'ono ndikanamukwapula ndi tepi yoyezera. Pakamwa ngati azakhali ake.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinati ndidziyese. Ulaliki wonse maso pa jekete la abusa, phewa lakumanzere latsika, wosokayo sadziwa ntchito. Kenako siketi ya mayi wakutsogolo, zipi yopotoka. Potuluka wina wandifunsa vesi la lero. Ndangoti, "Atidyetsa bwino." Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Koma mayina ndawerenga mokweza, asanu ndi atatu, osaphonya.

Mzime wabwera masana, manja akununkha sopo wamankhwala.

Lachinayi, 13 Malichi

Kasitomala wa diresi lobiriwira, ndikumuyeza m'chiuno: "Mwana wanu Mulungu amudalitse. Lamulungu lililonse ali kwa Aphunzitsi, kuwasambitsa."

Aphunzitsi a Sande sukulu, amene anamuphunzitsa mzime nyimbo zake zoyamba. Anafa ziwalo mbali imodzi mu Novembala. Mwana wawo Lamulungu amakhala kuntchito, pakhomo palibe munthu. Dzina lawo ndi lachitatu pamndandanda wanga. Ndinapitako kamodzi, sabata yoyamba, ndi gulu. Nyimbo ziwiri, pemphero, tinatsanzika. Miyezi inayi yapita.

Kasitomala uja ndamuyankha kuti, "Ee, ndi mwana wabwino," ngati ndimadziwa. Muyeso ndalemba wolakwika, ndachita kumuyezanso.

Loweruka, 15 Malichi

Mzime sindinamuuze kuti ndadziwa. Manyazi. M'mawa ndagwada, mawu akungotuluka okha, omwe aja a chaka ndi chaka. Ndalekeza pakati. Sindinabe, sindinatukwane, kutchalitchi sindinajombepo. Nanga ndinagona liti? Palibe tsiku loti ndingaliloze.

Bambo ake andiona ndili chete pamakina. Akuti, "Lero ulusi sunaduke, mwaduka ndinu?" Ndaseka, misozi ili m'maso.

Lamulungu, 16 Malichi

Mndandanda ndatumiza kwa mnzanga wa m'gulu. Mzime akutuluka, ndati, "Ndidikire." Wandiyang'ana, wandipatsa thaulo kuti ndinyamule.

Kwa Aphunzitsi, kachipinda kakang'ono. Bedi, beseni, wailesi yopanda mabatire, Baibulo lotsegula pampando. Aphunzitsi awonda zedi, pakamwa papotoka, mawu akutuluka movutikira. Atandiona nkhope yawala. "Mwachira! Nditaona kuti simukubwera ndinati ndithu akudwala, mayi uja sangangokhala. Mwanayu ndikamufunsa amangozemba. Ndimakutchulani m'mawa uliwonse."

Mzime maso pansi.

Kunali kosavuta kuvomera. Ndati, "Sindinadwale, Aphunzitsi. Sindinabwere basi. Mundikhululukire."

Ndinaganiza kuti alira, kapena andithamangitsa. Kenako akuti: "Ndiye pindani manja a malaya, madzi akuzizira."

Ndawasambitsa kumsana, mzime kumiyendo. Zilonda ziwiri m'chiuno chifukwa chogonera mbali imodzi. Sindinkadziwa n'komwe kuti munthu amafunika kumutembenuza. Mwana wanga wandionetsa kagwiridwe kake, pang'onopang'ono, osandinyoza. Pobwerera tayenda limodzi, wandinyamulira chikwama.

Lachitatu nditseka shopu masana, ndipitenso. Atsala asanu ndi awiri. Awiri mwa iwo sindikudziwa kumene amakhala, ndipo wina uja, wachisanu, sindikudziwa ngati akadali moyo.