Mtengo wa Pagalasi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kako chija chinatha? Kuno tikudzuka, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa, ndipo pakhomo pano mtendere palibe.

Nkhani ndi ya galimoto ija unatumizira ndalama kuti abambo azitengera amayi kuchipatala. Pafoni timangokuuza kuti ikuyenda bwino. Kuyenda ikuyendadi, koma zinazi sindingazinene eni ake ali pafupi.

Tsiku logula, amayi anali atavala kale nsapato kuti apite nawo. Ukuwadziwa amayi ako, amanenerera ngakhale mtengo wa singano. Abambo anawakaniza, akuti kogulitsa magalimoto si kumsika wa tomato. Anapita okha, atavala jekete la pa ukwati wako. Wogulitsa anawapatsa mpando n'kumawatchula kuti bwana, basi mdala wathu n'kulipira mtengo wonse umene unalembedwa ndi utoto woyera pagalasi lakutsogolo, osapempha n'komwe kuti awatsitsireko.

Tinatsuka galasilo n'kuiwalako. Ndiye kwayamba kuzizira. M'mawa wina amayi akusesa panja anaona kuti mame akagwa pagalasipo, pamatulukira manambala akale, amene anafufutidwa asanalembe atsopano. Pamene abambo anawerenga sikisi, kale panali folo. Mayo ine! Amayi anandiitana, n'kuitananso aneba, tonse tinawerenga chimodzimodzi.

Abambo anabwerera kumene anagula, ine ndinawaperekeza. Pofika, dzuwa linali litaumitsa galasi, panalibenso choloza. Wogulitsa uja ubwana anauiwala, mpando sanapereke. Anati mtengo ndi umene anthu agwirizana, ndipo palibe amene anawagwira dzanja posayina. Mkulu wa pamalopo anatiseka, akuti kodi tabwera kudzadandaula za mame? Ndinalalata mpaka mawu kutha, koma abambo anangondikoka malaya kuti tizipita. 

Kuchokera tsiku limenelo amalawirira kukapukuta galasilo amayi asanatuluke. Ndayesa sopo, ndayesa parafini, manambalawo sakuchoka ayi.

Amayi analumbira kuti m'galimoto imeneyo sakweramo. Akuti si ndalama zimene zikuwawawa, koma kuti anawasiya pakhomo ngati mwana wovuta, pamene akanapita nawo wogulitsayo akanawadziwa. Abambo nawo mawu akuti pepani sanabadwe nawo, zimenezo ukuzidziwa.

Kuchipatala amayi akhala akujomba. Dzulo anati apita pa minibasi. Anatuluka ndi ndodo yawo akukoka mwendo. Abambo analiza galimoto n'kumawatsata pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, chitseko chili chotsegula, magalimoto ena akuwaimbira hutala. Amayi sanacheuke.

Atafika pasiteji anakhala pamwala, akupuma movutikira. Abambo anaima chapatali pang'ono, injini ikulira. Minibasi zonse zimadutsa zodzaza. Nthawi yoonana ndi dokotala inakwana ali pomwepo, aliyense akuyang'ana kwake. Ine ndinaima pakati pawo ndi kachikwama ka mankhwala, ndikulira ngati chitsiru, anthu akutionerera.

Mlongo wanga, ine nzeru zandithera. Ndachonderera, ndakalipa, ndaitana amalume, palibe chaphula kanthu. Iwe ndiye amakumvera. Chonde imba foni, koma za mtengo usafunse, abambo anyozeka mokwanira. Uwauze amayi kuti galimotoyo ndi yako, si ya amuna awo, ndipo akaikana akukana iweyo. Mwina akwera. Sindikudziwa.

Usachedwe. Tsiku lina lakuchipatala ndi Lachinayi, ndipo mwendo wakumanzere wayamba kutuluka madzi.

Mulungu akusunge pa ntchito yako. Undiperekere moni kwa alamu, ana uwauze kuti azakhali awo awasowa kwambiri.

Ndine mlongo wako wamkulu.