Jekeseni wa Timathovu

Mkhumba, Phalombe
16 Januwale 2003

Okondedwa achemwali a Belita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula ikugwa, chimanga chafika m'chiuno. Mwafunsa zimene madokotala anapeza kwa amayi ku Blantyre. Sanamalize kuwayeza, ndipo wolakwa ndine.

Anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo, pakanema n'kuoneka chotupa pachiwindi. Dokotala wake, mzungu amene anangobwera kwa masabata ochepa ndi makina ake, anati chithunzicho n'chosakwanira. Nesi anatimasulira kuti awabaya jekeseni wa timathovu tosaoneka ndi maso, timene timayenda ndi magazi mpaka m'timitsempha toonda ngati tsitsi. Timathovuto timawala pakanemapo, ndiye akaona mmene magazi akulowera m'chotupacho adziwa ngati ndi khansa kapena chongofuna mankhwala. Pakapita kanthawi timatha tokha.

Amayi sanawiringule. Anati, "Abaye, aone chimene chikundidyacho."

Koma inu simukudziwa mmene kulili kuno. Nkhani ya anamapopa ili m'kamwam'kamwa, akuti akupopa anthu magazi n'kukasinthitsa ndi chimanga. Ine ndemwe ndinkaseka amalume a Sitima pothawira m'chinangwa akaona galimoto yachilendo. Koma nditamva za magazi, mzungu ali chilili, nesi akusakasaka mtsempha pamkono pa amayi, nkhani ya anamapopa ija inandibwerera m'mutu. Ndinanama kuti amayi akufuna kukataya madzi, n'kuwatulutsira khomo lakuseri, ulendo wa kudepoti. Munthu wandevu zanga, kuthawa thovu! Amayi atandifunsa m'minibasi, ndinawauza kuti ndinaona zigubu za magazi kuseri kwa chitseko. Sindinaone kanthu, achemwali, ndinangochita manyazi kunena kuti ndaopa.

Nzeru zitabwerera ndinapitanso ndekha sabata yatha. Dokotala uja anabwerera kwawo, makina ndi jekeseni yemwe. Nesi anandizindikira, koma sanandikalipire, anangofunsa kuti agogo aja ali bwanji. Bola akanandilalatira.

Panopa mimba yatupa, maso achita chikasu, phala akungolawa. Mwina chinali chochizika, mwina ayi, ndipo kusadziwako n'kumene kukundiwawa kwambiri. Funsani kumeneko ngati makina otere alipo, ngakhale ndikukayika ngati angapirire ulendo wa pabasi. Ngati mabwana anu angalole, musadikire Pasaka, bwerani. Mudzandinene mmene mungafunire, ndine mwinimbumba wopanda pake.

Alamu anu ndi ana akupereka moni. Amayinso akupereka moni wambiri. Aliyense wobwera kudzawazonda akumuuza kuti pakanapanda Howard bwenzi atatha magazi ku Blantyre. Dzulo anandigwira dzanja n'kuti ndikulembereni kuti musade nkhawa, ali m'manja abwino.

Ndine mlongo wanu,
Howard